Za ulendo wa ku Vilankulo: amene munatsala funsani, amene tinapita tifotokoze

Tadala: Moni nonse pagulu pano. Tafika dzulo cha m'ma 11 usiku kuchokera ku ulendo wa kalasi yathu wa ku Vilankulo, pa gombe la nyanja yamchere ku Mozambique, miyendo yotupa, mchenga mpaka m'thumba la buku. Ndinalonjeza kuti ndifotokoza ndisanaiwale ndiye ndayamba pano, ena amene tinali limodzi muzionjezera pamene ndadumpha.

Chisomo: Takulandirani. Ife otsala tinangoona zithunzi ziwiri zokha kenako zii sabata yonse

Tadala: Netiweki inali ya mavuto aise, simu ya kuno imasiya kugwira ukangodutsa pa Zobue, tinagula imodzi ya kumeneko n'kumabwerekana anthu 18. Ulendo wake ndi masiku awiri. Tinanyamuka ku Blantyre m'mamawa, boda ya Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukagona ku Chimoio. Mawa lake Inchope, kenako kutsika ndi msewu wa EN1 umene uli ndi maenje oti kosita imayenda ngati ikuvina, kuwoloka mtsinje wa Save, mpaka Vilankulo dzuwa litapendeka. Makilomita oposa 1,000.

Esnart: Pa Tete paja sitinavutike, Chinyungwe timamvana nacho bwinobwino, mayi wogulitsa nthochi ndinacheza nawo ngati ndili kwathu ku Dedza. Koma kuwoloka Save basi, ndi Chitswa ndi Chipwitikizi, ine kanga ka pa boda ka Calomue kanangothandiza kufunsa mtengo wa buledi ndi madzi

Yamikani: Ine ndinene zoona pompano anthu asananyengedwe ndi zithunzi. Chimene ndinalipirira ndalama ndi dugong. Tinauzidwa m'kalasi kuti ku Bazaruto, zilumba za pafupi ndi Vilankulo, ndi malo okhawo kum'mawa kwa Africa kuno kumene gulu lake likadalipo loti lingaswane, ndinagulitsa mbuzi ya mayi anga kuti ndikwanitse, ndiye masiku 5 osaiona ngakhale msana wake. Mtima ukundipwetekabe.

Chisomo: Dugong ndiye chiyani kodi, ndi nsomba?

Yamikani: Si nsomba, imayamwitsa. Thupi lalikulu lotuwa, mchira ngati wa dolfini, imadya udzu wa pansi pa nyanja ngati ng'ombe ili kudambo ndipo imatulukira pamwamba kudzapuma mpweya. Madamu anati m'bale wake wapafupi pa mtunda ndi njovu. Imatha kukhala ndi moyo zaka 70 koma imabereka mwana mmodzi pakapita zaka zingapo, ndiye ikafa imodzi mu ukonde kubwezeretsa kwake nkwa nthawi yaitali. Mu 2022 a IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, anaiika ya kuno kum'mawa kwa Africa pa gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu, zazikulu zosakwana 250.

Tadala: Yami ndikumvetsa, ndinakuona mmene unakhalira chete m'boti pobwerera. Koma usanene ngati sitinaone kanthu. Ukukumbukira tsiku lachitatu madzi ataphwa, pamene bambo oyendetsa bwato anaimitsa n'kutilozera pansi?

Yamikani: Mizere ija

Tadala: Eya. Anzanga mumve, udzu wa m'nyanja uja umamera ngati kapinga pansi pa madzi osaya, ndiye m'kati mwake munali mizere yokhotakhota yoyera, mulifupi mwake ngati chikhatho ndi theka, ngati munthu wadutsa ndi khasu n'kupalira mzere umodzi osabwerera. Bambo aja anati ndi pamene yadya, imazula udzu ndi mizu yomwe. Mchenga unali usanakwiririke n'komwe, kutanthauza kuti inadutsa posachedwa. Ine tsitsi linandiima. Chinyama chinali pompo ife tikugona.

Yamikani: Zoona mizere ndinaiona ndipo ndinajambula. Koma phazi la njovu si njovu Tadala.

Achimwene Gift: Pepani ndalowerera nkhani yanu ang'ono anga, ndakhala ndikuwerenga. Ine ndinamaliza zaka zapitazo ndipo pano ndimaperekeza alendo kuno ku Liwonde. Yamikani, zimene wamvazo ndimaziona pa nkhope za alendo sabata iliyonse. Munthu wachokera kutali kufuna chipembere, timayenda m'thengo maola 4, timapeza ndowe zofunda ndi nthambi zimene chadula, chokhacho osachiona. Sindimamuuza kuti asadandaule chifukwa kudandaulako nkoyenera. Ndimangomuuza kuti ndowe zofunda ndi umboni woti chili moyo, ndipo kuno kunali nthawi imene ngakhale ndowezo kunalibe. Ndiponso ndikuuzeni, a African Parks amene akuyang'anira Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira 2015, ndi Majete kuyambira 2003, ndi omwewonso analowa ku Bazaruto mu 2017 mogwirizana ndi boma la Mozambique. Paki imeneyo ndi yakale, ya 1971.

Yamikani: Zikomo achimwene. Ndamva. Zitenga nthawi koma ndamva.

Chisomo: Nanga mbalame? Si paja ulendo wake unali wa kosi ya mbalame

Tadala: Apa ndiye pamene ndimafuna tifike. Choyamba muyenera kumvetsa za madzi, chifukwa ife tinazolowera nyanja yathu imene gombe lake limakhala pomwepo m'mawa ndi madzulo. Kumene kuja ayi. Kawiri pa tsiku nyanja imachoka, imathawa kutali zedi kusiya mchenga ndi matope ndi timadziwe, mabwato a matanga amene amayandama aja n'kutsala atagona cham'mbali pa mchenga. Kenako imabwerera. Ndipo nthawi yake imasuntha, lero ikaphwa 7 koloko mawa iphwa cha m'ma 8. Ndiye mbalame za kumeneko sizitsata dzuwa ngati nkhuku, zimatsata madzi. Akaphwa zimabalalika kukadya, akadzadza zimaunjikana pa kamtunda ka mchenga kupuma, ndipo ndi nthawi imeneyo imene umawerenga bwino.

Esnart: Tsiku loyamba sitinadziwe liwiro lake. Tinali kutali tikuyang'ana m'mabainokyula, Madamu akuti tiyeni tibwerere, ife tikuti dikirani pang'ono Madamu, kucheuka kumbuyo kwathu kwadzadza kale madzi chifukwa amalowera m'makwawa a m'mbali poyamba. Tinawoloka afika m'chiuno mabuku tasenza pamutu. Amene mudzapite chaka cha mawa chonde akanena kuti tiyeni muzinyamuka pomwepo.

Madamu: Esnart wanena zoona, ndipo m'ripoti mwanu aliyense alembe nthawi imene madzi anaphwa ndi imene anadzadza pa tsiku lililonse limene munawerenga. Nambala ya mbalame yopanda nthawi ya madzi ilibe ntchito.

Tadala: Chabwino Madamu. Tsono mbalame imene yandigwira mtima ine ndi crab plover. Dzina lake likuchokera pa nkhanu chifukwa ndiye ndiwo yake. Yoyera ndi yakuda, miyendo yaitali yotuwira ngati yabuluu, mutu waukulu, mlomo wakuda wonenepa ngati nsonga ya chisenga. Ndinaiyang'ana imodzi mwina mphindi 20 osachotsa diso. Imaima duu osagwedezeka, kenako kathamangidwe kachidule, jompho, yatola nkhanu. Nkhanu ikutambasula zala kufuna kuluma, iyo kuimenyetsa pansi, kuigwedeza mpaka mwendo kuthothoka, kuigwedezanso, kenako kuswa chigoba n'kudya zam'kati. Pambali pake panali ina yotuwa pamsana, yaikulu ngati mayi ake omwe, koma ikungolira kutsatira pambuyo khosi litatsika kupempha. Ndipo yaikulu ija inaipatsa. Mwana woti wauluka ulendo wonse uja koma akudyetsedwabe.

Chisomo: Ulendo wochokera kuti?

Tadala: Siziswana kumeneko. Zimaswana pa tizilumba ta ku Persian Gulf ndi Red Sea, ndipo chodabwitsa n'choti zimakumba una mu mchenga ngati mbewa, n'kuikira dzira limodzi loyera m'kati, mchenga wotentha ndi dzuwa uja umathandiza kufungatira. Zikamaliza ndi pamene zimatsika ndi gombe la Somalia, Kenya, Tanzania mpaka Mozambique. Ife tinaziona kumapeto kwa Okutobala zitafika kumene.

Yamikani: Pa kamtunda kaja ine ndinawerenga 64, Tadala 71, Esnart 58. Gulu limodzi lomwelo. Tinakangana mpaka Madamu anatiphunzitsa kuti usamawerenge imodziimodzi, werenga 10 uone kukula kwa kagulu kameneko m'diso mwako, kenako uziyeza timagulu totero mpaka kumapeto. Titabwereza tinayandikirana.

Achimwene Gift: Mwaona Yamikani, ndiwe amene wakumbukira manambala.

Yamikani: Ndinalemba zonse achimwene, buku langa ndi lodzadza. Panalinso whimbrel, yofiirira ya mlomo wopindikira pansi, imalowetsa mlomo wonse mu una wa nkhanu. Terek sandpiper yake mlomo wopindikira m'mwamba, timiyendo tachikasu, imathamanga chowerama. Sanderling timene timathamangitsana ndi mafunde. Grey plover. Ma flamingo tinawaona patali, amadya mutu atauzondotsa m'madzi. Ndipo nkhwazi yathu yomwe ija ilikonso, inalira m'mawa wina ndinangomva ngati ndili ku Mangochi.

Esnart: Akakowanso mbwee. Ndi nantchengwa mmodzi pa kadziwe kuseri kwa kumene timagona, ndinamupatsa moni

Mphatso: Ine ndakhala chete chifukwa pali chinthu chikundivuta kuyambira tsiku lachiwiri ndipo sindinauze aliyense m'basi. Mukudziwa kwathu ndi ku Kachulu, m'mbali mwa Chilwa. Titaima pa mchenga paja Madamu akutionetsa ka curlew sandpiper mu telesikopu, akuti aka kamaswana kumpoto kwenikweni kwa Siberia kumene chilimwe chake dzuwa sililowa, ine nditayang'ana ndinakadziwa. Timbalame ta mtundu umenewu, totuwa ta miyendo yoonda timene timayenda m'matope, ndakula ndikutiona kwathu nthawi ya dzinja. Ndatikolapo. Ndadyerapo nsima. Sindinkadziwa kuti kanthu kosadzadza m'manja kangachokere kutali choncho, ndinkangoti ndi mbalame za m'dambo mwathu, zimabwera mvula ikayandikira n'kusowa ikatha basi.

Tadala: Mphatso bwanji sunanene

Mphatso: Ndimaopa kuti muziti ndine wakupha mbalame pakati pa anthu okonda mbalame

Madamu: Mphatso, palibe amene angakuweruze pano. Iwe ukudziwa zinthu za mbalame za ku Chilwa zimene ine ndinaziwerenga m'mabuku mokha. Ndipo waona bwino, zina mwa mbalame zochokera kumpoto zimatsata gombe la nyanja yamchere, zina zimadzera m'kati mwa Africa kutsata nyanja ndi madambo, ndipo Chilwa ndi amodzi mwa malo amene zimatera. Nchifukwa chake ndi malo oyamba amene Malawi anawalembetsa pa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo. Elephant Marsh inatsatira mu 2017.

Chisomo: Koma ndiye anthu a kumeneko asiye kudya mbalame? Ndikufunsa moona mtima

Mphatso: Apa ndiye povuta aise. Kunena kuti asiye nkosavuta ukakhala mu tauni. Nyanja ija imauma, inauma mu 1995 ine ndisanabadwe, inaumanso mu 2018 ndikuona ndi maso anga, mabwato atakhala pa dothi long'ambika. Matemba akasowa munthu adya chiyani, agulitsa chiyani kuti mwana apite kusukulu? Mbalame ndiye zimapulumutsa mabanja. Zambiri zimene anthu amakola ndi zipiyo ndi tinkhuku ta m'madzi timene timaswana konko, ndipo alipo magulu a osaka mbalame amene anagwirizana zosiya malo ena kuti ziziswana. Pena zimatsatidwa pena ayi, njala ikakula lamulo limachepa mphamvu. Ine sindikunena kuti asiye. Chimene chikundiwawa n'choti palibe anatiuzapo tili ana kuti timbalame tina timeneti ndi alendo. Mlendo kwathu sitimuchita choncho asanapume n'komwe.

Yamikani: Zofanana ndi zimene ananena bambo a bwato aja. Esnart unkamasulira ndiwe, fotokoza

Esnart: Pang'ono pamene ndinamva, mnyamata wawo ndiye amathandiza. Anati iwo sasaka dugong, koma maukonde a maso akuluakulu amene anthu amatchera usiku kufuna shaki ndi nsomba zazikulu, ikakodwamo imalephera kukwera kukapuma ndiye imafa. M'mawa mwini ukonde amapeza nyama yambiri imene sanaifune, ndipo ana ali ndi njala kunyumba. Anati masiku ano maukonde amenewo ndi oletsedwa m'paki ndipo oyang'anira amayendera ndi maboti, iwo anasiya usodzi n'kuyamba kunyamula alendo. Koma anati si onse angapeze alendo.

Achimwene Gift: Nkhani yake ndi imodzi kulikonse. Kuno msampha wa waya munthu amatchera kufuna nswala ya ndiwo, umagwira mwendo wa njovu. Ine bambo anga anali wotchera misampha, sindichita manyazi kunena, fizi yanga ya sekondale ina inachokera kumeneko. Lero ndikudya chifukwa nyama zomwezo zili moyo. Koma ndikudziwa kuti m'mudzi mwathu amene tinapeza ntchito m'paki ndife owerengeka, ena njovu zimangowadyera chimanga. Ndiye mukamalemba maripoti anuwo musalembe ngati msodzi ndi mdani.

Tadala: Chinanso chimene sindinayembekezere, anthu a ku Vilankulo akamva kuti ndife a ku Malawi amafunsa za Freddy. Namondwe uja anayamba kugunda kwawo mu Febuluwale 2023, kenako anabwerera m'nyanja n'kukalowanso cha ku Quelimane mu Malichi, ndi pamene anatipeza ife. Mayi amene amatiphikira anatilozera pamene denga lawo linagwera. Ine ndinawauza za ku Chilobwe, za matope amene anatsika m'phiri la Soche usiku. Tinangokhala chete tonse awiri, chilankhulo chosiyana koma panalibe chofunika kumasulira.

Esnart: Ndipo Madamu anatitengera ku mitengo ya mangrove tsiku lotsatira, ija imamera m'madzi amchere mizu ili pamtunda ngati zala. Matope ake onunkha, mapazi amamira mpaka m'maondo, tinkhanu ta dzanja limodzi lalikulu mbwee tikukupiza ngati tikukuitana, ndi tinsomba timene timayenda pa matope kunja kwa madzi maso ali pamwamba pa mutu. Anati mitengo imeneyi imaswa mphamvu ya mafunde namondwe akabwera ndipo nsomba zambiri zimakulira m'mizu yake. Pamene yadulidwa gombe limadyeka. Ine ndinaganiza za mapiri athu ometedwa

Chisomo: Mwandipweteka mtima kuti ndinatsala. Ndalama zonse zinakwana zingati kuti ndiyambe kusunga?

Tadala: Ndikutumizira kumbali ndi mndandanda wonse chifukwa kwacha ikusinthasintha, ya chaka chino siidzakhala ya chaka cha mawa. Koma pasipoti yamba msanga, anzathu awiri anatsala chifukwa cha imeneyo osati ndalama. Tenga chipewa, nsapato zoti zinyowe chifukwa mu mchenga muli zigoba zocheka, pensulo osati bolopeni poti buku likanyowa inki imafufutika, ndi mankhwala a malungo. Mabainokyula tinali ndi 6 okha anthu 18, amene ali ndi m'bale ku Joni amupemphe, ngakhale akale.

Yamikani: Ndipo amene akufuna anamgumi apite pakati pa Julaye ndi Seputembala, ife tinapeza atapita kale kumwera. Koma mbalame zochokera kumpoto nthawi imeneyo zimakhala zochepa. Sungapeze zonse ulendo umodzi. Ine ndidzabwereranso, kaya ndili pa ntchito kaya liti, dugong ija ndidzaiona.

Mphatso: Pali china ndakumbukira. Ndili mwana amalume anakola kambalame kali ndi kamphete kachitsulo ku mwendo, kolembedwa manambala ndi zilembo zimene sitinazimve. Anthu ena ankati ndi za matsenga, ena ankati ndi ya azungu ikawapeza atimanga. Amalume sanataye, anakamangirira ku makiyi.

Achimwene Gift: Mphatso!! Kamphete kameneko ndi chuma. Akatswiri amagwira mbalame, kuiveka kamphete ka nambala yakeyake n'kuimasula, ndiye wina akakapeza kwina amadziwa kumene yachokera ndi zaka zimene yakhala. Kumwera kwa Africa kuno zimenezi amasunga ndi a SAFRING ku University of Cape Town, ndipo ngati ndi ka dziko lina amalumikizana ndi eni ake. Ngakhale papite zaka 15 nambala imakhalabe m'kaundula. Akadali nako?

Mphatso: Sindikudziwa, ndiwaimbira

Madamu: Aimbire ndithu. Ndipo popeza nkhani yafika apa, mwezi wa Januwale chaka chilichonse maiko ambiri amawerenga mbalame za m'madzi nthawi imodzi. Chilwa ili pafupi, sipafunika pasipoti. Amene mwaphunzira kuwerenga pa mchenga wa ku Vilankulo mungathe kuwerenga pa Kachulu. Mphatso, ungatipezere anthu awiri kapena atatu mwa osaka mbalame oti tiyende nawo? Iwo ndi amene amadziwa pamene zimatera, ndipo ndikufuna mayina a Chichewa ndi Chilomwe ndi Chiyao a mbalame iliyonse alembedwe pambali pa a m'buku.

Mphatso: Ndingathe Madamu. Koma tikapite ngati ophunzira kwa iwo, tikangofika ndi mapepala ngati a boma athawa. Ndipo Januwale msewu wochokera ku Zomba umavuta ndi matope, tidzanyamuke m'mamawa.

Chisomo: Ine ndilembeni woyamba, uku sinditsalanso

Esnart: Inenso

Yamikani: Ndilembeni. Buku langa likadali ndi masamba.

Tadala: Ndatsegula mndandanda, tili 5 kale. Zithunzi za crab plover ndi mizere ya dugong ndiika usiku bandulo ikalowa.

Mphatso: Ndawapeza amalume. Akuti kalipo, kali pa kiyi wa loko ya njinga, manambala ena afufutika koma ambiri akuoneka. Foni yawo ilibe kamera ndiye apita kwa aphunzitsi a pa pulayimale mawa kuti akajambule. Andifunsa kuti kodi eni ake akakadziwa adzakafuna, ndawauza kuti ayi amangofuna nambala. Akuti ngati ndi choncho ndiwauze dzina la dziko limene kanachokera, akhala akudzifunsa zaka zonsezi.